Mabandi atsopano a ska punk ndi pop punk mumawapeza kuti?

Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere, mwina ena munadutsamo. Achimwene anga anandiikira nyimbo zawo mufoni, za Green Day, Blink-182, Less Than Jake ndi Reel Big Fish, ndipo papita zaka ziwiri ndikumvera zomwezo m'mawa ndi madzulo. Kutopa nazo sindinatope. Koma tsiku lina nditaona zithunzi zawo zaposachedwa ndinazindikira kuti oimba onsewa ndi a msinkhu wa bambo anga. Kodi anzanga a msinkhu wangawu chamba chimenechi sakuimba? Ndikafufuza pa Spotify akungondibwezera mayina omwe ndikuwadziwa kale. Akuluakulu, mabandi ophuka kumene mumawapeza kuti?

Limbani: Akuimba achemwali, ambiri zedi. Ku pop punk yambani ndi Meet Me @ The Altar, Pinkshift ndi Magnolia Park. Mukamvere kaye, mudzatiuze.

Chikondi: Takulandira Tadala. Mayina akupatsa a Limbaniwo ndi abwino, koma ukawamaliza udzabweranso ndi funso lomweli, ndiye bola ndikuonetse mmene ine ndimasakira. Spotify siikunamiza, imangokupatsa zomwe anthu ambiri omvera ngati iwe anamvera kale. Bandi yomwe ili ndi otsatira makumi angapo makinawo saiona n'komwe. Ine ndimayambira pa makampani ang'onoang'ono otulutsa zimbale. Ku ska punk, tsegula tsamba la Bad Time Records pa Bandcamp, malo a pa intaneti omwe oimba amagulitsirapo nyimbo zawo. Kampaniyi anaiyambitsa mu 2018 ndi Mike Sosinski wa bandi ya Kill Lincoln, ndipo kumeneko ukapezako Catbite ya ku Philadelphia, Bad Operation ya ku New Orleans, We Are The Union ndi JER. Munthu mmodzi kapena awiri anakhala pansi n'kumvetsera bandi iliyonse asanaike ndalama zawo pa chimbale chake. Khutu la munthu wotereyo ukaligwirizana nalo kamodzi, ulitsate.

Mavuto: Mwayankhula zoona mayi Chikondi. Mwana wanga Tadala, ine chambachi ndinachidziwa cha m'ma 1990, kulibe zofufuza pa foni. Tinkadalira zinthu ziwiri. Choyamba chinali zimbale zosakaniza, monga Punk-O-Rama zomwe kampani ya Epitaph inayamba kutulutsa mu 1994: chimbale chimodzi, mabandi ambirimbiri, iliyonse nyimbo imodzi kapena ziwiri. Unkagulira bandi imodzi yomwe ukuidziwa, n'kutulukamo ndi zitatu zachilendo. Chachiwiri chinali kapepala ka mkati mwa chimbale. Kumapeto kwake oimba ankalemba mayina a mabandi omwe akuwathokoza, timalemba ting'onoting'ono tofunika kuyandikitsa kumaso. Ndinali ndi kope lomwe ndinkakoperamo mayina amenewo. Dzina likapezeka pa zimbale zitatu zosiyana, ndinkalizunguliza ndi cholembera, ndiye kuti imeneyo ndiisakasaka mpaka nditaipeza. Oimba sathokoza munthu wamba. Amathokoza yemwe anawabwereka ng'oma zawo zitang'ambika, kapena yemwe anawagoneka pansi m'nyumba mwake ali paulendo.

Tadala: Zikomo amalume. Nanga masiku ano timapepalato tilikonso?

Mavuto: Pa Bandcamp mabandi ambiri amalembabe m'munsi mwa chimbale kuti anajambula ndi ndani, anaimba lipenga ndi ndani, akuthokoza ndani. Anthu amangodumpha osawerenga. Iwe uziwerenga.

Thoko: Pepani kuti ndikubwezani m'mbuyo. Ine ndine wa reggae, ndinalowa gulu lino chifukwa cha mnzanga. Ska punk ndi chiyani kwenikweni? Ndamvera Catbite imene mwatchulayo, ndikumvamo kafungo ka kwa Jamaica koma liwiro lake ndi lina.

Mavuto: Khutu lanu silinalakwe achimwene. Ska ndi kholo la reggae. Inabadwira ku Jamaica kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo The Skatalites, omwe anakhazikitsa bandi yawo mu 1964, ndiwo anaipatsa nkhope. Kenako inafatsa n'kukhala rocksteady cha mu 1966, patapita zaka ziwiri kunabadwa reggae. Chizindikiro chake chili pa gitala. Werengani kuti wani, thu, fili, folo. Gitala wa ska salira pa manambalawo, amalira pakati pawo. Woimba amakhwatcha nsambo chokweza dzanja, nthawi yomweyo n'kufewetsa zala za kumanzere kuti phokoso lidukire pomwepo, limveke ngati "tcha, tcha, tcha". Besi ndiye amayendayenda pansi osapuma. Anthu a ku Jamaica atasamukira ku England anapita nayo nyimboyi, ndipo mu 1979 ku Coventry Jerry Dammers wa The Specials anayambitsa 2 Tone Records. Mabandi ake munali akuda ndi azungu pa siteji imodzi panthawi yomwe tsankho linali litavuta m'misewu, ndipo ska yawo inali itatenga kale ukali wa punk, chamba cha rock chothamanga ndi chaphokoso. Ku America anadzawonjezera liwiro ndi magitala aphokoso. Ndiye ska punk imeneyo: ndime ikuyenda ndi "tcha, tcha", ikafika kolasi zonse n'kuphulika.

Thoko: Ndamva tsopano. Ine ndimaganiza kuti bola pali malipenga basi ndi ska.

Mavuto: Ambiri amaganiza choncho, ndipo zimandiwawa pang'ono ngakhale ine mwini ndimaimba trombone. Operation Ivy ya ku Berkeley ku California, yomwe ambiri amati ndiyo inatsegula njira ya ska punk, inali ya anthu anayi: mawu, gitala, besi ndi ng'oma. Analibe gulu la malipenga. Ukamayesa bandi yatsopano usawerenge malipenga, umvetsere dzanja la wa gitala ndi mmene akumvanirana ndi wa ng'oma. Pali mabandi ena achinyamata omwe amaimba rock wamba n'kupachikapo lipenga pamwamba ngati chokongoletsa. Umamva kuti lipengalo ukalichotsa palibe chosintha.

Limbani: Amalume, ndimakulemekezani koma apa mundilole ndisiyane nanu pang'ono, inu ndi achemwali a Chikondi. Mukuyankhula ngati intaneti ya makinayi ndi mdani. Nanga Meet Me @ The Altar anakumana kuti? Téa Campbell ndi Ada Juarez anadziwana kudzera pa YouTube mu 2015, akukhala m'zigawo zosiyana za America. Edith Victoria anadzalowa mu 2017. Nyimbo ankapangira kutali, kutumizirana. Mu 2020 Fueled by Ramen, kampani yomwe inatulutsa bandi ya Paramore, inawatenga. Atsikana atatu, osakhala azungu, mu chamba chomwe kwa zaka zambiri chinkaoneka ngati cha anyamata achizungu okhaokha. Akanadikira kuti adzakumane mu kalabu ya m'tauni imodzi, bwenzi bandiyo kulibe. The Linda Lindas nawonso anatchuka ndi kanema wojambulidwa mu laibulale ya ku Los Angeles mu May 2021, wa ng'oma wawo ali ndi zaka 10 zokha, ndipo Epitaph inawasayinitsa mwezi womwewo. JER amene mwamutchulayo anthu anamudziwira pa YouTube, pa Skatune Network, akusandutsa nyimbo za ena kukhala ska, zida zonse akuimba yekha. Ine mabandi ambiri omwe ndimawakonda ndinawapeza ndikungoyendetsa chala pa foni.

Chikondi: Sindikukana a Limbani. Koma taonani zitsanzo zanu zonse, ndi za omwe mwayi unawagwera kanema n'kufalikira. Pa bandi imodzi yotero pali zina zambiri zabwino chimodzimodzi zomwe kanema wawo anaonedwa ndi abale awo okha. Chinanso chomwe chimandidetsa nkhawa ndi choti timakanema tatifupiti tayamba kulamula kapekedwe ka nyimbo. Umapeza nyimbo ili ndi masekondi 15 okoma kwambiri, kwinako kulibe kanthu. Ndakhumudwapo kangapo: kagawo kandigwira mtima, ndikatsegula chimbale chonse n'kupeza kuti nyimbo khumi zonse zikufanana, mawu awongoledwa ndi kompyuta mpaka sukumvanso kupuma kwa munthu.

Limbani: Zimenezo zilipo, sindingatsutse. Koma pop punk kusalala ndi chikhalidwe chake. Dzina lokhalo likunena, ndi punk yosakaniza ndi pop.

Chikondi: Kukoma kwa nyimbo ndi kusalala kwa mu situdiyo n'zosiyana. Buzzcocks a ku Manchester ndi Descendents a ku California ankapeka nyimbo zoti ukamva kamodzi uziimba tsiku lonse, koma umamva kuti ndi anthu akutuluka thukuta m'chipinda. Pinkshift imene mwaitchula ija ndimaikonda pa chifukwa chomwecho. Chimbale chawo cha 2022 cha ku Hopeless Records chinajambulidwa bwino, koma mkwiyo wa woimbayo sanaupale.

Limbani: Pa Pinkshift tagwirizana. Ndiye muyeso wanu ndi wotani mukapeza bandi yatsopano?

Chikondi: Ndimasaka kanema woti wina anawajambula ndi foni akuimba pamaso pa anthu, chithunzi chikugwedera, mawu akusweka. Ngati nyimbo ikundigwirabe mmenemo, imeneyo ndi bandi.

Yamikani: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma nkhaniyi yandifika pamtima chifukwa ine ndili mbali inayo. Ndimaimba ng'oma mu kabandi kakang'ono ka ska punk, tilipo asanu ndi mmodzi. Dzina sinditchula, sindinabwere kudzatsatsa malonda. Ndingokuuzani zomwe zinatichitikira chaka chatha. Tinapatsidwa mwayi wokalambula bwalo pa shoo ya bandi ina yokulirapo. Tinakonzekera miyezi iwiri, usiku uliwonse tikaweruka. Wa trumpet wathu milomo inachita kutupa. Tsikulo eni malo anatiuza kuti tiyambe zitseko zikangotsegulidwa, ndipo pa chikalata cholengeza shoo dzina lathu anaiwala kulilemba. Nditakhala pampando ndinawerenga anthu: asanu ndi anayi, awiri mwa iwo ogulitsa zakumwa. Panja ndinkamva chikhamu chikucheza, kudikira bandi yaikulu. Ndinagunda timitengo kanayi ndi mtima wolemera. Koma kutsogolo kwenikweni kunaima mtsikana wina yekhayekha, atavala chikwama kumsana, ndipo titafika pa nyimbo yachiwiri anayamba kuvina, zigongono uku ndi uku, maondo m'mwamba, bwalo lonse lake. Sanasiye mpaka mphindi 25 zathu zinatha. Wa besi wathu, yemwe nthawi zonse amaimba atazolika, anadzutsa mutu n'kumaimbira iyeyo. Titatsika anabwera kudzafunsa dzina la bandi, n'kulilemba padzanja ndi cholembera chifukwa foni yake inali itazima. Shoo yotsatira anabwera ndi anzake anayi. Tsono Tadala, ngati kumene uliko kumachitika ma shoo, yankho langa ndi limodzi: uzifika molawirira. Mabandi omwe ukuwafunawo amaimba nthawi imene aliyense ali panja.

Tadala: Achimwene Yamikani, nkhani yanuyi yandilengetsa misozi. Ine ndakhala mmodzi wa ocheza panjawo.

Mavuto: Mphwanga Yamikani, limba mtima, ndipo umuuze wa trumpet wakoyo azipumitsa milomo tsiku limodzi shoo isanafike. Ndikuuze za malo ena ku Berkeley otchedwa 924 Gilman Street. Anatsegulidwa kumapeto kwa 1986, amayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, salola mowa, ndipo mwana wa msinkhu uliwonse amalowa. Operation Ivy inakulira pamenepo. Inakhala zaka ziwiri zokha, 1987 mpaka 1989, chimbale chachikulu chimodzi. Pa shoo yawo yomaliza pamalopo, mu May 1989, mwa okalambula bwalo munali anyamata achichepere otchedwa Green Day. Amene anachedwa panja tsiku limenelo anaphonya bandi yomwe patangopita zaka zisanu, mu 1994, inadzagwedeza dziko lonse. Ndipo mu 2024 Green Day yomweyo ikuzungulira mabwalo akuluakulu a ku America, ena mwa okalambula bwalo anali The Linda Lindas aja a Limbani amawanena, pamodzi ndi Rancid, bandi ya Tim Armstrong ndi Matt Freeman omwe anachokera mu Operation Ivy.

Limbani: Imeneyo sindimaidziwa amalume.

Thoko: Nanga ife amene tili kutali ndi kumene ma shoo oterewa amachitikira?

Chikondi: Zikalata zolengeza ma shoo zili pa intaneti achimwene, ndipo kuwerenga n'kwaulere. Bandi yomwe mumaikonda ikalengeza ulendo, onani mayina omwe alembedwa pansi pake. Ine chaka chilichonse ndimadikira ndandanda wa The Fest, chikondwerero chomwe chimachitika ku Gainesville ku Florida kuyambira 2002, kwawo kwa Less Than Jake. Kumaimba mabandi mazanamazana. Sindinapiteko, koma chikalatacho ndimachiwerenga chokweza, kuyambira pansi pomwe pali timalemba tating'ono. Ndimatenga mayina asanu pa sabata. Chikondwerero cha Slam Dunk cha ku England nachonso ndimachichita chimodzimodzi, makamaka pa pop punk. Njira ina ili pa Bandcamp pomwepo: pansi pa chimbale pamaoneka tizithunzi ta anthu omwe anachigula. Dinani kamodzi, muona zimbale zonse zomwe munthuyo anagulapo. Pali munthu wina yemwe sindikumudziwa, sindidziwa ngakhale dziko lake, koma ndinaona kuti zimbale zinayi zomwe ndimazikonda kwambiri nayenso ali nazo. Papita zaka zitatu ndikumutsatira. Akagula chatsopano ndimakamvera, ndipo kawirikawiri sandigwiritsa mwala.

Mavuto: Musaiwalenso Asian Man Records ya Mike Park. Anaiyambitsa mu 1996 ndipo wakhala akuiyendetsera mu galaja ya makolo ake ku California. Chimbale choyamba cha Alkaline Trio chinatulukira kumeneko mu 1998, chaka chomwe iye anakonza ulendo wa Ska Against Racism. Mu 2020 dzina lomweli analiukitsa pamodzi ndi Bad Time Records, n'kutulutsa chimbale chosakaniza cha mabandi akale ndi atsopano. Tadala, chimenecho chingakuthandize kwambiri, chifukwa mayina omwe ukuwadziwa ali pambali pa omwe sukuwadziwa. Paja anthu ankati ska inafa itangodutsa 1997, pomwe The Mighty Mighty Bosstones ndi Reel Big Fish anali pa wailesi paliponse. Inachoka pa wailesi, koma anthu ngati Mike Park sanasiye kulongedza zimbale m'makatoni.

Limbani: Ndiwonjezere kuti musamangoyang'ana ku America. Neck Deep ndi a ku Wrexham ku Wales, anayamba mu 2012 ndi nyimbo zoika pa intaneti. Ku England kuli Call Me Malcolm ndi Millie Manders and The Shutup. Ku Japan ska ili ndi mizu yakuya, mungoyamba ndi Kemuri muone kumene ikufikitseni. Ku Spain kuli Ska-P ya ku Madrid, ndipo kumayiko oyankhula Chisipanishi chambachi chimadzaza mabwalo mpaka lero.

Thoko: Ku Africa kuno kulibe?

Limbani: Ku South Africa kuli Fuzigish ya ku Johannesburg, ndipo ku Cape Town kunali Hog Hoggidy Hog. Ndi akale ndithu, koma njira ya achemwali a Chikondi igwira ntchito: onani omwe akhala akuimba nawo pa siteji imodzi.

Yamikani: Chimodzi chomwe ndikupempha mukaipeza bandi yomwe yakusangalatsani. Kuyambira mu 2024 Spotify salipira kanthu pa nyimbo yomwe sinamveredwe kokwana 1,000 m'miyezi 12. Nyimbo zathu zambiri sizifika pamenepo. Pa Bandcamp ukagula chimbale chotsitsa pa intaneti iwo amatengapo 15 peresenti, yotsalayo imabwera kwa oimba ukachotsa za otumiza ndalama, ndipo pa masiku a Bandcamp Friday, omwe anayamba mu March 2020 ma shoo ataima ndi mliri, gawo lawolo salitenga. Anthu asanu ndi mmodzi kugawana zimenezo si zolemeretsa, koma zimagula nsambo ndi zikopa za ng'oma. Ngati ndalama palibe, tilembereni uthenga. Ndikunena zoona, uthenga umodzi wa munthu wosamudziwa timautumizirana tonse mu bandi, ndipo wa mawu wathu amausunga.

Chikondi: Ndipo mukalemba, afunseni kuti iwowo akumvera ndani. Sindinaonepo bandi yaing'ono yokana kuyankha funso limenelo. Amakupatsa mayina asanu nthawi yomweyo, onse anzawo.

Mavuto: Yamikani, kodi malipenga anu ndi angati?

Yamikani: Awiri amalume, trumpet ndi saxophone. Trombone tikuisowa, takhala tikusaka chaka chonse.

Mavuto: Pakadali pano auze awiriwo asamaimbe noti imodzimodzi nthawi zonse. Wa saxophone azitsika pansi pang'ono, amveka ngati atatu. Unditumizire kumbali zomwe munajambula, ndimvere ndikuuze pomwe trombone ingalowe.

Tadala: Ndabweranso patatha masiku anayi, ndipereke lipoti. Catbite yandigwira kuposa onse, mawu a Brittany Luna ndawamvera mpaka usiku. Bad Operation poyamba ndinaona ngati ikuchedwa, ndinazolowera liwiro, koma tsiku lachitatu ndinapezeka ndikugwedeza mutu, ndipo "tcha, tcha" uja amalume amanena ndinamumva bwinobwino kwa nthawi yoyamba. Magnolia Park sinandilowe, a Limbani mundikhululukire, mwina ndidzaiyesanso. Pinkshift eya. Ndagulanso kope. Ndawerenga m'munsi mwa zimbale zisanu ndi chimodzi ndipo ndili ndi mayina 23, awiri ndawazunguliza kale. Imodzi mwa ziwirizo ili ndi nyimbo zinayi zokha, ndipo tizithunzi ta ogula ndinatiwerenga, tilipo 31. Ndawalembera uthenga dzulo, ayankha m'mawa uno.

Chikondi: Akupatsa mayina angati?

Tadala: Asanu ndi awiri achemwali! Achimwene Yamikani, ndikudziwa munati simunabwere kudzatsatsa malonda, koma ndine ndikupempha. Dzina la bandi yanu ndi chiyani, ndipo mudzaimbanso liti?

Yamikani: Ndakutumizira kumbali. Tikuimba Loweruka la sabata ya mawa, ndife oyamba pa mabandi anayi. Zitseko amatsegula 6 koloko, ife tikwera 6:15.